Ndinadya Nthutumba ya Mfumu

Mpaka lero anzanga a ku Kalingalinga akandiona amayamba kutafuna m'kamwa mopanda kanthu, koma zopepesa ine ayi.

Mfumu yakwathu kum'mawa itabwera ku Lusaka kudzaona anthu ake, tinasankhidwa amuna asanu kuti tikhale asilikali ake aulemu. Ine ndinadzipereka msanga. Agogo anga aamuna ankanyamula chishango patsogolo pa bambo ake a mfumu yomweyi n'kumawalawira chakudya, ndipo ndinkafunitsitsa kuti udindowo ubwerere m'banja mwathu. Ndinatseka shopu yanga yowotcherera zitsulo n'kuvala chikopa cha mbuzi pamwamba pa kabudula (cha kambuku chinasowa), chishango chili m'manja.

Mkulu wathu, ba Zulu, anagawa ntchito: ena pageti, ena kugwaditsa anthu. Ine anandipatsa ya agogo, yolawa chakudya mfumu isanadye.

"Ulaweko chabe pang'ono," anatero.

Kukhitchini, bana Mwansa, mkazi wa mwini nyumba imene mfumu inafikira, anali ataphika nkhuku yakumudzi. Ndinaganiza ngati msilikali. Wofuna kupha mfumu angathire mankhwala pati? Pamwendo ayi, mwendo amadya aliyense. Angathire pa nthutumba, poti imeneyo ndi ya mlendo wolemekezeka yekha. Mayiwo atatembenuka, ndinailuma theka. Theka linalo linatsala ndi zipsera za mano anga, ndipo mfumu singadye makombo a wowotcherera zitsulo, choncho ndinalimaliza. (Inali yokoma, sindikana.)

Mbale itafika, mfumu inavundukula, n'kufufuza ndi supuni, kenako inavundikiranso. Kwathu kupatsa mlendo nkhuku yopanda nthutumba ndi chipongwe. Bana Mwansa anagwada misozi ili lengelenge, ndipo apa mtima unandiwawa.

"Ni ine nadya, Nkhosi," ndinatero. "Nenze kuteteza moyo wanu."

Mfumu inatembenukira kwa ine.

"Nanga m'mimba mukumva bwanji?"

"Bwino chabe, Nkhosi."

"Ndiye kuti inali yabwino. Ndikanaidya ine."

Ba Zulu anandikokera kuseri kwa nyumba n'kundilanda chishango ndi chikopa chomwe.

"Agogo ako benze kulawa supu, iwe. Supu chabe."

Ndinabwerera kushopu ndi kabudula yekha, dzuwa likuswa mtengo, udindo wa agogo utandipulumuka tsiku loyamba lomwelo. Koma anene zimene anganene, mfumu inabwerera kwawo yamoyo. Ndipo akadzandipatsanso ntchitoyo, ndidzayambira pa nthutumba pomwepo.