Fikirini Sankatsika Panjinga

Ine malume wanu Sylvester ndinapalasapo njinga kuchoka ku Lirangwe mpaka ku Chileka nditamanga ng'ombe yamoyo pa kaliyala, ndipo ndinapitirira ndege imene inkakatera. Woyendetsa ndegeyo anachita kutsegula zenera kuti afunse mtundu wa matayala anga. Tsekani pakamwapo, ntchentche zingalowe. Ndanama. Ine njinga ndimangoyenda nayo mwaulemu. Katswiri anali mnzanga Fikirini, ndipo mbiri yake inali imodzi: akakwera, phazi lake silinkagunda pansi mpaka atafika kumene akupita.

Zinayamba tili Sitandade 4. Tinazembetsa njinga ya bambo ake, iye n'kulowetsa mwendo kunsi kwa mtanda poti pachishalo sankafikira. Panjira yafumbi yopita kwa Kuntaja pali chitunda chimene ife timachitcha Tsikani, chifukwa aliyense amatsikapo, ngakhale abusa. Fikirini anatsika pakati, atsikana ochokera kumjigo n'kumuseka.

"Taonani, akukankha njinga ngati wilibala!"

Anapukuta mamina, nalumbira: "Pali mayi anga, kutsika ndasiya lero."

Ife tinkayesa ndi zachibwana. Koma atakula anayamba kunyamula mbuzi za mabutchala kuchoka pamsika wa Lirangwe kupita ku Chileka, lumbiro lija lili chilili. Tsiku lina tonde anamasuka khosi n'kuyamba kumudya malaya chakumsana. Fikirini sanaime. Anafika ku Chileka atangovala kolala ndi mabatani awiri, tonde akubzikula thumba. Tayala likaphulika ankayendera limu, moto uli thethethe, mpaka amayi ankabwera ndi udzu kudzapala.

Akaona masamba atayalidwa pamsewu, kusonyeza kuti pali maliro ndipo wanjinga aliyense atsike, Fikirini ankavula chipewa, kukhota, n'kukazungulira ku Mdeka.

"Aise, dera lonselo? Bwanji osangotsika?" ndinamufunsa.

"Malemu ndikuwalemekeza, Sili. N'chifukwa chake ndikuwatukutira."

Mavuto anadza atafunsira Mildred, namwali wa m'kwaya ya kumishoni. Ankhoswe anali atayamba kale kuyenderana. Loweruka lina masana tikuyandikira Tsikani, ine ndili pambuyo ndi kanjinga kanga, tinangoona mayi ake a Mildred, aNagama, akutsika chitunda atasenza dengu la tomato. Mukudziwa inu, mkamwini akakumana ndi apongozi amatsika, kupatuka, kunjuta n'kuwomba m'manja. Ndinakuwa kuti, "Fiki, tsika! Banja likupita ili!"

Munthu uja anayamba kuwazungulira apongozi ake. Anasiya mahandulo, akuwomba m'manja uku akupalasa.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

"Ndaswera. Kaya amene akundizungulira ngati kabawi waona anapiye?"

"Ndaswera bwino. Kunyumba ali bwanji?"

"Bambo inu, mwana wanga mudzamulera muli m'malere chonchi? Tsikani, apo ayi ankhoswe anu asavutikenso."

Ndinaona thukuta likuchita kudontha m'makutu mwa mnzanga. Anazungulira kachisanu, kachisanu ndi chimodzi. Kenako anatsinzina, analunjika pachulu chinali m'mbali mwa njira, khuu! Njinga uko, mwini wake uku, n'kutera ndi maondo onse awiri patsogolo pa aNagama. Anawomba m'manja mwaulemu, magazi akuchucha pachigongono.

"Amayi, ndagwada. Koma a Sili akhale mboni: ndachita kugwa, sindinatsike."

ANagama anaseka mpaka tomato anagubuduzika kukafika ku Lunzu. Anati munthu wokakamira chonchi sangathawe banja. Ukwati unachitika chaka chomwecho, mkwatibwi anafika kutchalitchi ali pa kaliyala.

Anakhala limodzi zaka zinayi zokha. Fikirini anatisiya ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, mwana wake Duwa asanayambe n'komwe kuyenda. Tsiku la maliro tinayala masamba pamsewu, ndipo anyamata onse a makala, a mbuzi ndi a kabaza anatsika n'kumakankha njinga zawo, mzere wautali ngati nyerere. Yake ija ndinaikankha ndine. Sindinaimvepo ikulemera chomwecho, ngakhale inalibe katundu.

Masiku ano pa Tsikani pangoti zii. Mbuzi zimakwera njinga zamoto, malaya a anthu amafika athunthu. Palibenso amene amayi ogulitsa zitumbuwa amamuthamangira kuti amupatsire m'manja akuyenda. Ine chaka chilichonse, mwezi umene anamwalira, ndimakalimbana nacho chitunda chija. Mawondo akukana, Duwa amandiseka, koma ndisanafe ndidzachikwera osatsika. Chifukwa chake n'ichi.

Matenda atamukula Fikirini, tinaganiza zopita naye kuchipatala. Galimoto anaikana, akuti ikununkha dizilo. Ndinamukhazika pa kaliyala ya njinga yake, Mildred n'kumumangirira ndi chitenje kuchishalo, popeza anali atapepuka ngati mtolo wa mapesi.

"Sili, njinga yangayi sidziwa kukankhidwa. Usaichititse manyazi."

"Ine? Ndikwera nayo mpaka padenga la chipatala."

Dzuwa linali paliwombo. Ndinapalasa, ndinapalasa, mpaka m'maso munayamba kuthwanima nyenyezi. Pakati pa Tsikani, pamalo omwe aja atsikana anamusekera, miyendo inafa. Nditacheuka ndinaona watsinzina, mutu wazyolika. Ndinatsika mwakachetechete ngati mphaka, ndinagwira mahandulo n'kuyamba kukankha, misozi ikusakanikirana ndi thukuta. Ndinkachita kupuma mwamphamvu kuti azimva ngati ndikupalasa.

"Sili," anatero osatsegula maso.

"Wawa."

"Tikadali pamwamba?"

"Eee, ndikupalasa, aise. Ndege ija taisiya kumbuyo."

Kenako mapewa ake anayamba kugwedezeka, akuseka kopanda mawu.

"Wabodza iwe. Nanga mapatapata akulira phwa phwa pansipa wavala ndani, mbuzi?"