Nyundo ya Pulofesa

Pulani inabadwira pansi pa msau kwa Mayi Prudence ku Makhanga, botolo lachitatu la kachasu litangotha. Mwini pulani anali Geresomo, wodzitcha Pulofesa, ngakhale sukulu anaithawa ali Sitandade 4. Madzi osefukira anali atamutengera bwato, ndipo mkazi wake Lily anali atanenetsa kuti mwezi ukatha lina lisanapezeke, abwerera kwawo ku Mlolo.

"Aise Mlamba," anatero Pulofesa kwa Pius, amene anthu ankamutcha Mlamba, mnzake woterera manja ndi nzeru zomwe, "madala Augustino ali ndi dayamondi. Mwalawo anaumeza ku mgodi ku Joni nthawi ya Wenela."

"Nanga anautulutsa bwanji?"

"Usafunse zonyansa. Mwala umenewu mafumu akunja amaika pa zisoti, azungu amatomera nawo akazi. Ifeyo tigula boti la injini."

"Pyadidi! Zabwino zedi!" anatero Mlamba, akunyambita kapu.

Tsiku logawa chimanga cha thandizo, mudzi wonse uli pamzere, akatswiri athuwa analowa m'nyumba ya madala dzuwa likuswa mtengo. Mwalawo anaupeza m'kachitini ka fodya, wokulungidwa m'duku. Unali ngati njere ya chimanga, wosawala n'komwe.

"Basi kameneka?" Mlamba anakwinya nkhope. "Si chidutswa cha botolo ichi?"

"Umbuli ndi matenda," anatero Pulofesa. "Dayamondi sasweka, n'chifukwa chake amati ndi wamuyaya. Tikauyesa. Ukatenge nyundo."

Kuseri kwa nyumba yake, Pulofesa anaika mwalawo pa mphero, nalavulira m'manja. Phwaa! Tizidutswa tinangoti balala pabwalo, ndipo nkhuku za Lily zinathamangira n'kutola tonse.

Mbava yanzeru ikanakhala chete. Koma Pulofesa anapsa mtima ngati munthu woberedwa. Anathamangira kumzere kuja nyundo ili m'manja, Mlamba akumutsatira pambuyo.

"Madala, simuchita manyazi? Zaka makumi asanu kunamiza mudzi wonse ndi galasi! Ife tauyesa ndi nyundo, waphwanyika!"

Wapolisi woyang'anira chimanga anali pomwepo, ndipo chibadwire anali asanaonepo mlandu ukudziyendera wokha kudza kwa iye.

Madala Augustino anakhala pa thumba lawo la chimanga. "Nyundo? Mwanawe, dayamondi sakandika, koma kusweka amasweka. Wogula wa ku Limbe anandilonjeza maboti atatu a injini, ine ndinakana. Malemu mkazi wanga Emelia ndinamutomera ndi mwala umenewo." Misozi inatsika, ndipo pamzere ponse panalibe woseka.

Pulofesa anangomva mawu awiri okha: maboti atatu. Anangokhala pansi pomwepo, moti wapolisi uja anamumanga unyolo ali chikhalire.

M'mawa mwake Lily anafika kupolisi atasenza mtolo wa zovala. Pulofesa anakakamira pa zitsulo za pawindo.

"Mayi a kunyumba, mverani! Nkhuku zija ndi chuma. Muzitsekere, ndipo chilichonse chotuluka kumbuyo kwake muzisefa ndi sefa ya ufa!"

Lily anakonza nkhata pamutu.

"Mwachedwa, bambo. Ndazigulitsa dzulo kwa wokazinga tchipisi pamsika. Nanga ku Mlolo ndikanapita wapansi?"