A Sandifolo ndi Msewu wa Zidakwa

Ku Kwekwe kuno tinali ndi munthu amene ankalawa misewu, ndipo sindikuphiphiritsa ayi. A Sandifolo, kapitawo wa gulu lokonza misewu ya tauni, akafika pamulu wa nsangalabwi ankatapa pang'ono, kuponya m'kamwa, kutafuna maso ali kumwamba, kenako n'kugamula. "Iyi ipirira mvula zisanu," kapena, "Iyi ndi phala, kampatseni mwana." Sankaphonya. Anachoka ku Dedza wapansi mu 1924 mano ali athunthu, koma pofika nkhondo yachiwiri anali atatsala anayi, ndipo ankati enawo anawapereka ku boma.

Ife a kulokeshoni tinalibe msewu. Dzinja likafika matope ankavula munthu nsapato, ngolo sinkalowa, ndipo wodwala tinkamunyamula pachitseko mpaka kuchipatala. Ndiye chaka china bodi ya tauni inalengeza kuti phindu la ku biyaholo, kumene tinkamwera masese, litimangira msewu. A Sandifolo anayenda khomo ndi khomo kulumbira kuti mvula isanagwe msewu ukhala utafika. Akazi awo, a Bernadetta, anawakumbutsa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, koma iwo anangoti mayi sadziwa za miyala.

Anakhoma zikhomo Lolemba, zolunjika kwathu bwinobwino. Tsoka ilo, mu bodimo munali mzungu wa sitolo amene tinkamutcha Chipewa, ndi mnzake wa kamgodi, Mafuta. Chipewa anati msewu udzere kaye kusitolo kwake kuti anthu asamavutike pogula. Mafuta anati n'zoona zimenezo, ndipo poti wafika kale kusitolo, upitirire pang'ono kukamgodi. Pang'ono wakeyo anali mamailosi atatu. A Sandifolo anazula, nakhoma, nazulanso, mpaka zikhomo zinatha mitu.

Koma chinatsitsa dzaye ndi nsangalabwi. Bodi inagula kwa Mafuta yemweyo mulu wa zotaya za mumgodi wake, pamtengo woti ungagule nyama. A Sandifolo analawa, nalavula.

"Aikona, bwana. Uwu ndi ufa wosinja kale. Mvula imodzi basi."

"Wena mampara. Faka!" anatero Mafuta, kutanthauza kuti thira, chitsiru iwe.

Anathira. Mvula yoyamba ya Novembala inanyamula msewu wonse n'kukautula pakhonde la sitolo ya Chipewa, moti ogula ankalowa atapinda mathalauza. Ndalama zinathera komweko, ndipo kwathu sikunafike ngakhale wilibala imodzi.

Bodi inaitana a Sandifolo. Womasulira wake, Elifas, anawanong'oneza pakhomo kuti angonena kuti antchito awo anachita ulesi, ntchito yawo ipulumuka. Iwo anagwedeza mutu, nalowa atanyamula mbale ziwiri zovindikira za a Bernadetta. Anaziika patebulo mwaulemu wonse, navindukula. Ina munali nsangalabwi za kumtsinje, ina ufa wa Mafuta.

"Uwauze mabwanawa alawe okha. Ine mano atha."

Elifas anamasulira. Akuti mzungu wina wokalamba anatapadi ufawo, napempha madzi. Ntchito ya a Sandifolo inathera pomwepo, mbale sizinabwezedwe, ndipo a Bernadetta analira mbale kuposa ntchito.

Apa ndiye sindiseka, chifukwa ife tinawachita chipongwe mkuluyo. Akamadutsa tinkawafunsa ngati msewu wagona panjira, ndipo ine ndinali mmodzi wa ofunsawo. Milungu iwiri sanatuluke m'nyumba. Mlungu wachitatu tinawaona akukankha wilibala yobwereka kuchokera kumtsinje, akuunjika miyala pageti la biyaholo. Lamulungu masana anakhala pamuluwo, chikhothi chawo chomangidwa mabatani onse.

"Mowa wanu wamanga msewu wa Chipewa," anatero. "Tsono aliyense wotuluka muno anyamule mwala umodzi popita kwawo. Pouika ndikuonetsani ine."

Tinaseka, koma munthu woledzera sakana ntchito yopusa. Yobu, mfumu ya zidakwa zonse za kumgodi, ankatuluka ndi kulowanso kasanu pa tsiku, ndipo ankadzitama kuti akumwera chitukuko. A kutchalitchi anayamba ndi kunyoza, koma ataona kuti zidakwa ziwapitirira ntchito zabwino, nawonso anayamba kunyamula potuluka m'mapemphero. Vuto linali loti omanga ambiri ankaona zikhomo ziwiri pamene panali chimodzi. A Sandifolo ankakuwa kuti pamenepo ayi, chakuno, koma msewu unkapitabe chodzandira ngati eni ake.

Zinatenga zaka zisanu ndi chimodzi. Tsiku limene ngolo yoyamba inalowa kudzatenga mayi wodwala, mkuluyo anaitsatira pambuyo chipewa chili m'manja, misozi ikutsika, akukalipira woyendetsa kuti asapondetse m'mbali. Bodi itamva inatumiza munthu kudzayeza, inalemba kuti msewuwo yamanga ndi iyo, n'kuzika chikwangwani cha dzina lenileni la Chipewa. A Sandifolo sanakwiye. Anangoti mtengo wake ndi wabwino, ndipo mawa lake a Bernadetta anali ndi chopachikapo chingwe choyanikira zovala.

Chifuwa chinawatenga mu 1947. Kuyambira pamenepo misewu ya m'tauni imakhota mmene mabwana afunira, ndipo palibe amene amalavula. Ine ndimawasowa, ndipo zimandiwawa kuti sindinawapepese.

Lamulungu lapitali ndinaona Yobu, imvi zili mbuu, akutuluka m'biyaholo. Anawerama mwachizolowezi, natola mwala, nayenda nawo msewu wonse mpaka pamene unathera. Anaima pamenepo nthawi yaitali, mwala uli pachifuwa, akuyang'ana uku ndi uku.

"Nanga ndiuike pati?" anafunsa.