Mmene Ndinapemphera Ndekha Kumenyana ndi Mjapani Wopuma Ntchito

Kwa owerenga onse olemekezeka,

Ndabwera pamaso panu mwaulemu waukulu kudzafotokoza za chala changa chachikulu cha kuphazi lamanja, chimene mpaka lero chimaloza kumene phazilo silikupita. Anthu a ku Domwe akhala akuikamba nkhaniyi m'njira zosiyanasiyana, ena akuti ndinakomoka, ena akuti ndinaitana malemu amayi anga. Choncho ndaona kuti n'koyenera kuti mwini chala aiike m'dongosolo lake. (Kukomoka sindinakomoke. Za amayizo sindikukumbukira bwino.)

Ine ndine mlembi, kapena kuti sekeretariyu, wa bungwe la alimi a kachewere m'dera lathu. Sukulu ndinalekeza kalasi yachinayi ku Fonte Boa, koma kalembedwe ndinadziphunzitsa ndekha pokopera marekerimento akale, ndiye kuti makalata opempha zinthu kwa akuluakulu, amene amalume anga ankabwera nawo kuchokera kumene ankasesa ku Ulongwe. Udindowu ndinaugwira zaka zambiri popanda wondipikisa, kufikira pamene kunabwera a Pulofesoli, mphunzitsi wachinyamata wa manja osalala, amene analowa m'bungwe ndi kamunda kamodzi ndi kompyuta imodzi. Iwowa anayamba kunong'oneza alimi kuti bungwe likufunika mlembi wa magazi atsopano. Chisankho chinali kubwera mwezi wotsatira.

M'masiku omwewo a Pulezidenti a bungwe anandiitana nandiuza kuti tilandira mlendo. Mjapani wina amene ankatithandiza pa nkhani ya mbewu anali ndi mnzake wodzacheza, amene kwawo anali katswiri wa masewera omenyana ndi nkhonya komanso mateche, m'gulu la anthu olemera thupi. "Koma tsopano anapuma ntchito," anatero a Pulezidenti. "Akungoyenda m'masukulu kulimbikitsa achinyamata. Mukonze mawu omulandirira."

Tsono ine anthu opuma ntchito ndimawadziwa. Ndimawaona ku Ulongwe tsiku lolandira pensawu, ndalama zawo zopumira ntchito, ali pamzere kuyambira mbandakucha, ndodo m'manja, chipewa chaubweya kumutu, kabotolo ka mankhwala a nyamakazi m'thumba. Kuno munthu sapuma ntchito mawondo akadali ndi mafuta. Ndinalingalira motere: ngati mlendoyo ndi nkhalamba, ndiponso nkhalamba imene yakhala ikumenyedwa m'mutu moyo wake wonse, ndiye kuti ine wa zaka makumi asanu ndi mphambu zingapo ndingathe kuima naye pabwalo, n'kumukankha pang'ono mwaulemu, anthu onse akuona. Zikatero, ndani adzakambenso za magazi atsopano?

Ndinatenga pepala la mizere makumi awiri ndi isanu ndi kulemba motere: "Wolemekezeka a Pulezidenti, ine mlembi wa bungwe lino, mdzukulu wa Angoni onyamula chishango, ndikupempha modzichepetsa kuti mundilole kuyesana mphamvu ndi mlendo wathu pamaso pa alimi onse, pofuna kuonetsa kuti Angoniya si dziko la kachewere yekha. Ndikulonjeza kuti sindidzamupweteka. Ndidikira chilolezo."

A Pulezidenti anawerenga kawiri, napumira pa karimbo, chidindo chawo chimene amachikonda koposa ng'ombe zawo, nachimenya papepala kuti phwa!

Pano ndiyenera kutchula ndime yachisanu ndi chiwiri ya malamulo a bungwe lathu. Ndimeyi imanena kuti pempho lililonse limene ladindidwa silingabwezedwe pakamwa, koma ndi kalata ina, imene iyenera kudikira masiku khumi ndi asanu isanayankhidwe. (Lamuloli ndinalilemba ndine, pofuna kuthana ndi alimi amene ankalembetsa matumba a mbewu kenaka n'kusintha maganizo. Pa nthawiyo ndinayamikiridwa kwambiri.)

Kunyumba ndinayamba kukonzekera. Ndinapachika thumba la madeya pamtengo wa pichesi kuseri kwa nkhokwe, ndipo m'mawa uliwonse ndinkalimenya mateche asanu. Tsiku lachitatu mkazi wanga, a Nangozo, anandipeza.

"Inu abambo, thumbalo lakulakwirani chiyani?"

"Ndikukonzekera ntchito ya bungwe."

"Ntchito ya bungwe! Inu amene thole linakugwetsani m'ndowe chaka chatha pomwe mumalimanga chingwe?"

"Thole silinapume ntchito," ndinayankha motero, ndipo ndinaona kuti ndayankha mwanzeru.

"Chabwino. Koma madeyawo ndi a nkhumba zanga. Akatayika mudzadya nazo zimene zidzatsale."

Ndinagulanso ndodo yosemedwa bwino, ya mutu wa njovu, kuti ikhale mphatso ya bungwe kwa agogo athu a kutsidya la nyanja.

Tsikulo linafika, m'mwezi wa chisanu, nkhungu itaphimba mapiri a kumalire. Alimi anadzaza bwalo la kutsogolo kwa alimazeni, nyumba imene timasungiramo mbewu. Ine ndinavala kazako wakuda, ndiye kuti jekete, ndi galavata yofiira, imene ena amati tayi. Galimoto itaima, munatuluka kamunthu kochepa thupi, ka imvi, kovala magalasi. Mtima wanga unayera. Ndinanyamuka ndi ndodo ija m'manja, ndikumvanso chisoni pang'ono.

"Si ameneyo," anandikoka kazako a Pulezidenti. "Ameneyo ndi wa mbewu uja. Simunamuonepo?"

Ndinali ndisanamuonepo, pakuti ine ndinkangolandira makalata ake.

Kenaka chitseko china chinatseguka, ndipo galimoto yonse inadzuka mbali imodzi ngati bulu amene amutula katundu. Chimene chinatuluka m'menemo, owerenga olemekezeka, sichinayambe chaimapo pamzere wa pensawu. Khosi linali ngati mtondo. Ntchafu iliyonse inali ngati thumba la kachewere lija amalonda amalisokerera mutu pamwamba kuti atibere. Mphuno inali yophwatalala, yoonetsa kuti inakumana ndi zambiri. Tsitsi linali lakuda bii, ndipo zaka zake sizikanapitirira makumi anayi ndi pang'ono. (Dzina lake ndilisunga, chifukwa ngakhale patsikulo ndinalephera kulitchula.)

Ndinawerama pakhutu pa a Pulezidenti.

"Wolemekezeka, ndikubweza pempho lija."

"Lembani kalata."

"Ndilemba pompano."

"Lembani ndithu. Tidzakuyankhani pakatha masiku khumi ndi asanu."

"Koma a Pulezidenti, taonani munthuyo!"

"Ndamuona, a Sekeretariyu. Koma ndime yachisanu ndi chiwiri ndaionanso, ndipo dzanja lake ndi lanu lomwe. Kodi mukufuna anthu anene kuti karimbo wa bungwe lino ndi wosewera naye?"

A Pulofesoli, amene anali kumvetsera, anasendera pafupi. "Ngati dzanja likunjenjemera, achikulire, ndikhoza kukulemberani pa kompyuta. Sizitenga nthawi."

Ndinaimirira kuwerenga mawu olandirira mlendo, ndipo popeza nawonso anali odindidwa, sindikanatha kusintha ngakhale liwu limodzi. Motero ndinayang'ana chimphonacho m'maso n'kunena kuti, "Takulandirani agogo athu, inu amene mwaoloka nyanja ndi mafupa otopa." Ndinachipatsanso ndodo kuti izichichirikiza m'masiku ake otsiriza. Mlendoyo anailandira ndi manja awiri, nawerama kwambiri. M'dzanja lake inkaoneka ngati mthiko.

Pambuyo pake mlendo anafotokoza mbiri yake. Iye ankalankhula Chijapani, mnzake wa mbewu ankamasulira m'Chipwitikizi, ndipo a Pulofesoli ankatembenuzira m'Chinyanja. Anati anayamba masewerawa ali mnyamata, ndipo popeza kwawo anthu a msinkhu wake ndi ochepa, ankamenyana ndi zimphona za m'mayiko ena, zina zomuposa ndi mutu wathunthu. (Nditamva kuti kuli ena omuposa, ndinathokoza Mulungu kuti Domwe ali kutali.) Anati anapambana kambiri, anagonjanso kambiri, ndipo kangapo anadzuka ali chagada osadziwa kuti ali m'dziko liti. Mphuno inathyoka, nthiti zinathyoka, koma ankabwereranso. Pomaliza anasiya asanakwanitse zaka makumi anayi, chifukwa anaona kuti wakalamba.

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Mayi wina wogulitsa nyemba anafuula kuti, "Wakalamba ameneyo? Tipatseni kuno atilimire dimba!"

Mlendo anaumirira kuti mwendo wake tsopano ndi waulesi, ndipo pofuna kutsimikiza anapempha thumba la kachewere. Amuna atatu analipachika pamtanda wa balansa, pamene timayezera zokolola. Iye anavula nsapato, nawerama kwa thumbalo ngati akulipepesa. Mwendo sindinauone. Ndinangomva kuti phuu! ndipo kachewere anali ponseponse, wina mpaka padenga la alimazeni. Amayi anathamanga ndi zitenje kukatola. Mlendo anapukusa mutu mwachisoni, ndipo a Pulofesoli anamasulira mokweza, akundiyang'ana: "Akuti mwaona? Kale sizinali zochedwa chonchi."

Apa m'pamene a Pulezidenti anatulutsa kalata yanga naiwerenga yonse, osadumpha ngakhale lonjezo langa lakuti sindidzamupweteka.

Itamasuliridwa, mlendo anakhudzidwa mtima kwambiri. Anati m'maulendo ake onse sanaonepo munthu wa zaka zanga akupempha ndewu mochita kulemba. Anati iye sandimenya, pakuti ndine mkulu wake, koma andipatsa ulemu womumenya theche limodzi pantchafu ndi mphamvu zanga zonse. Anandionetsanso kamenyedwe kake, akusisita msongolo wake, kutanthauza kuti pomenyera ndi pamenepo, osati kuzala.

Ndinapuma. Theche limodzi, iye osabwezera! Ndinaona kuti chisankho chija chabwerera m'manja mwanga. Ndinavula kazako, koma galavata ndinaisiya pofuna kusunga ulemu wa udindo. Popeza mlendo anali wopanda nsapato, inenso ndinavula zanga.

"Abambo, khalani pansi!" anafuula a Nangozo kuchokera pakati pa amayi. "Mwaonetsa kale kulimba mtima, kwatsala n'kuonetsa uchitsiru!"

Sindinawamvere. Ndinabwerera m'mbuyo mapazi khumi monga tinkachitira pomenya mpira wachikulunga ku Fonte Boa. Ndipo apa ndiyenera kuvomereza kuti malangizo a msongolo aja ndinawaona ngati a anthu osadziwa mpira. Ife tonse tinakula tikumenya ndi chala chachikulu. Ndinathamanga, galavata ikuuluka paphewa, ndi kuponya chalacho pantchafu ya mlendo.

M'moyo wanga ndinamenyapo nsichi ya khola mumdima, ndinapunthwapo pachitsa cha mlombwa, koma zonsezo zinali zofewa. Chala chinalira ngati phesi louma. Mlendo sanasunthe. Ine ndinazungulira kamodzi ndi mwendo umodzi, ndinaponda kachewere amene amayi anamuiwala, ndipo ndinapezeka ndikuyang'ana mitambo.

Chimene chinatsatira ndicho chimandiwawa koposa chalacho. Mlendo anagwada, naona phazi, nanena mawu ambiri achisoni. Kenaka anandinyamula m'manja mwake, dzanja lina kukhosi, lina m'mawondo, monga mmene amanyamulira khanda lotuluka m'chikuta. Anayenda nane choncho kudutsa bwalo lonse kupita kugalimoto. Amayi, amene salephera kupeza nyimbo yoyenera, analulutira nayamba kuimba yolandirira mwana. Ndinayesa kunena kuti ndikhoza kuyenda ndekha, koma panalibe womasulira. Kuchipatala atandimanga, mlendo anandibwezera ndodo ya mutu wa njovu ija ndi manja awiri, nawerama. Ndinailandira, pakuti ndinkaifunadi.

Tsono mwambo wa bungwe lathu ndi wakuti chisankho chisanachitike, mlembi awerenge akita, ndiye kuti zolembedwa za msonkhano wapitawo, ndipo alimi avomereze kuti ndi zoona. Masiku atatu ndinalimbana ndi pepala. Ndinayamba ndalemba kuti mlembi anaterereka. Ndinafufuta. Ndinalemba kuti masewero anathera pakufanana mphamvu. Ndinafufutanso, pakuti mboni zinali bwalo lathunthu, ndipo ine sindinalembepo akita yabodza. Pomaliza ndinaimirira pamsonkhano, nditatsamira ndodo, n'kuwerenga kuti: "Pa nthawi ya chakumasana mlembi, mwa pempho lake lomwe, anamenya mlendo ndi chala, motsutsana ndi malangizo. Mlendo sanaonongeke. Mlembi ananyamulidwa."

Anthu anagubuduka pamabenchi. Wina anapempha kuti ndime imeneyo iwerengedwenso chifukwa kumbuyo sanamve. A Pulezidenti analola. Ndinaiwerenga katatu.

Pofika pokweza manja, a Pulofesoli anali atatsegula kale kompyuta yawo. Koma mayi wa nyemba uja anaimirira. "Ine ndikuti akhale omwewa," anatero. "Munthu amene walemba manyazi ake osachotsapo kanthu sangatibisire thumba la mbewu. Komanso akachoka, tiziseka chiyani?" Manja anakwera ambiri, ngakhale ena ankagwedezeka ndi kuseka. Dzanja la a Nangozo linakwera pomalizira, ndiponso mwatheka.

Motero udindo ndinausunga, ngakhale kuti si m'njira imene ndinakonza, ndipo kumsika wa Domwe amalonda akandiona amabisa matumba awo ponena kuti ndingawaphulitse.

A Nangozo akuti phunziro la nkhaniyi ndi lakuti munthu aziyamba wamuona mlendo asanamulembere kalata. Ndikuvomereza ndi mtima wonse. Ndingopempha kuti chilembedwenso ichi: m'kalatayo munalibe cholakwa cha kalembedwe ngakhale chimodzi, ndipo mlendo anaipempha napita nayo kwawo. Ndikufunsa mwaulemu ngati ilipo kalata ya pa kompyuta yochokera ku Domwe imene inafikapo ku Japani.

Ine wanu womvera nthawi zonse,

Mlembi, wosankhidwanso.