Mabatani a Nambala 47

Mudzi wa Mkanthama,
Nsaru.

Kwa Bwana Mkulu,
Kafukufuku wa Dzukani Muyende,
Lilongwe.

Olemekezeka Bwana,

Ndikanayamba ndi kukuomberani m'manja monga mwa ulemu wathu, koma kuomba m'manja kumafuna manja awiri, ine latsala limodzi. Landirani lomwelo. Mukaona kuti mizere yapita chokhota, musadandaule, pepala ndalitsindira ndi mwala kuti lisathawe.

Ine ndine Damiano Chikoti, mlimi wa fodya, koma m'mabuku mwanu ndine Nambala 47. Chaka chatha mu Febuluwale, ndili m'chigafa kupachika fodya, mkono wamanzere unangoti lende, pakamwa n'kupotoka, ine pansi khu! Abale anali atayamba kale kutchulana maina kuti wandilodza ndani, koma adokotala anati ndi sitiroko, magazi anaundana n'kutseka mtsempha wopita ku ubongo. Ndili chigonere m'chipatala anandipeza namwino wanu a Brenda, mwana waulemu kwabasi, n'kundipempha kuti ndilowe m'kafukufuku wanu. Ndinavomera. Lero ndalemba kuti ndithokoze, komanso ndiulule tchimo limene ngakhale abambo mfumu ku parishi sindinawauze.

Choyamba, zikomo chifukwa cha ulemu umene munachitira magazi anga. Munatenga timabotolo tisanu ndi tinayi, ndinkawerenga. A Brenda anandifotokozera kuti m'magazi muli zizindikiro zosaoneka ndi maso, zimene zimaneneratu kuti uyu adzadzuka, uyu adzavutika. Akuti timabotoloto tinagona m'firiji, kenako tinakwera ndege. Taonani mwayi! Mwini wakene malire anga ndi ku Kanengo, nakonso nditakhala pamwamba pa mabelo, koma magazi anga anakaona kunja. Akadzabwerako mudzawauze kuti kumudzi tonse tilipo.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha foni. Miyezi itatu iliyonse, galimoto yanu isanabwere kudzaona mmene ndikuchirira, anthu anu ankayamba aimba dzulo lake kuti mawa tili komweko. Umenewo ndiye ulemu wa anthu ophunzira. Koma Bwana, kaya kwanu n'kuti, kuno mayi akamva kuti mawa kubwera alendo, alendo ake a pagalimoto, sakhala pansi.

Akazi anga a Benedeta ankalawira. Asese bwalo, azire khonde, afunditse madzi. Andikoleke paphewa mpaka kubafa, andisambitse, andimete ndevu. Andiveke malaya oyera ndi jekete ya pa Pasaka, amange mabatani onse mpaka la pakhosi. Akatero andikhazike pampando pansi pa mtengo wa mango, dzanja lakufali aliyale bwinobwino pabondo ngati likupuma. Ndodo akaibise kuseri kwa nkhokwe, kachitini kanga kokodzera akakaponye kutali. Galimoto ikamafika, iwo ali phee pamkeka chapatali, atavala chitenje chochapa, ngati munthu amene sanagwireko kanthu chidzukire.

Ndiye a Brenda atsegule buku. Kodi agogo, mumavala nokha? Mumasamba nokha? Kuchimbudzi mumapita nokha?

Bwana, tiyeni tikambe ngati amuna. A Brenda ndi msinkhu wa mwana wanga wachitatu. Ine bambo wa zaka makumi asanu ndi limodzi, amene ndatsogolera mphakati zaka khumi, ndimuuze mwana wamkazi kuti kuchimbudzi ondigwirira thalauza ndi akazi anga? Dalaivala wanu a Stanley ali poteropo akuswa mtedza, makutu ali tcheru? Ayi ndithu. Ndinkangoti, "Ee, tikuyesera." A Benedeta n'kuponyapo mawu ali pamkeka pomwepo, "Aa, ali bwino awa, Mulungu ngwabwino." A Brenda n'kuchonga. Musawakalipire, anachonga zimene anamva. Mlendo ndi mame, sumuyalira mavuto a m'nyumba. Tinakunamizani kanayi konse, ndipo kanayi konseko tinakunamizani mwaulemu.

Ife alimi a fodya timadziwana. Podinda belo, masamba okongola amakhala pamwamba. Sindikunena kuti ine ndinachitapo, ndikungonena zimene ndinamva kwa anzanga. N'chifukwa chake ogula ku okushoni sakhulupirira pamwamba, amapisa dzanja pakati penipeni n'kuzula. Inu, ndi sukulu yanu yonseyo, munagula belo poyang'ana jekete.

Chachitatu, zikomo chifukwa cha msonkhano wotsekera gawo loyamba la kafukufuku, uja munachititsa pabwalo la sukulu. Sikono zinali zofewa, ndinasungirako zidzukulu. Tsiku limenelo ndi limene ndinakuonani maso ndi maso, mutavala tayi dzuwa lili pamutu. Munauza gulu kuti magazi a Nambala 47 ananeneratu kuti munthuyu adzachira, ndipo si uyu wachira, amachita zonse yekha. Munandipempha kuti ndiimirire. Ndinaimirira, anthu m'manja phwa phwa phwa, amayi nthungululu. Ndisaname, ndinakondwa. Chikwatire changa sindinaomberedwepo m'manja chotero.

Chithunzi cha tsikulo ndamva kuti munachikhoma mu ofesi mwanu. Mukapeza mpata muchiyandikire, muyang'ane m'chiuno mwanga cha kumanzere, pamene pali lamba. Muona zala zinayi. Si zanga, Bwana. Wojambula wanu anadula bwino, koma zalazo zinamukanika. Mwini wa zalazo, a Benedeta, ndiwo anandiimiritsa.

Mwezi wotsatira dzina langa linachotsedwa pa mndandanda wa anthu a mafizo, aja ankatiwongola mikono Lachiwiri lililonse. Nditafunsa, anati ochira safuna mafizo, malo apite kwa odwala. Ndi zomveka. Ndinadzichiritsa ndekha ndi pakamwa panga. Chala chachikulu chinali chitayamba kugwedera pang'ono, pano chinabwerera kukagona.

Chachinayi, zikomo chifukwa cha kapepala ka kapewedwe kamene munagawa pamsonkhanopo. Ndakawerenga mpaka kathetheka. Kakuti tichepetse mchere. Tachepetsa, ndiwo zikukoma ngati chilango, koma tikudya. Kakuti tiziyenda ndawala mphindi makumi atatu pa tsiku. Apa a Benedeta anaseka mpaka misozi. Kumjigo amapita kasanu, kudimba kamodzi, kumunda anatenga khasu langa kuphatikiza pa lawo, ndipo pakatipakati amanyamula mwamuna wathunthu kupita naye kuseri ndi kubwera naye. Akufunsa ngati mphindi zanuzo azichita asanapite kumjigo kapena atabwerako. Kakutinso tipewe nkhawa. Tikuyesetsa, kungoti sitinapeze kokazisiya.

Mzere wotsiriza ndi umene wandilembetsa kalatayi. Ukuti munthu aziyezetsa bipi kawirikawiri, chifukwa matendawa amabwera mwakachetechete. Pachipatala chathu chaching'ono makina oyezera alipo, amawapukuta fumbi bwinobwino, koma mabatire anatha mvula isanagwe. Makina anu ndi amene sadwala. Ndimawadziwa, amakhala m'kachikwama kakuda, andifinya mkono kanayi.

Tsono Bwana, nthabwala ndaziika pambali. A Benedeta sali bwino. Papita miyezi akugwira kunkhongo, akuti mutu ukulemera. Ulendo wotsiriza umene a Brenda anabwera, ndinawapempha kuti lamba wa makinawo amukulungeko pamkono wa mayiwa, kamodzi kokha. Mwana uja anayang'ana pansi. Anati lamulo la kafukufuku likuti makinawo ndi a anthu olembedwa okha, ndipo wolembedwa ndi amene wagwa kale. Lamulo labwino, ladongosolo. Munthu ayambe wagwa, kenako timuyeze.

Lachinayi lapitali ndowa inawapulumuka pakhomo penipeni, madzi onse pansi. Anaima akuyang'ana dzanja lawo ngati la munthu wina. Nditawafunsa, mawu anatuluka olemera, ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Patapita kanthawi zinatha, anatola ndowa n'kubwerera kumjigo. Akuti ndi dzuwa. Inenso ndinati ndi dzuwa, sabata imodzi ndisanagwe m'chigafa muja. Mayi awo anapita ndi matenda omwewa, chaka chija cha njala. Ine sindinapite kunja ngati magazi anga, koma chizindikiro ichi ndachiwerenga popanda firiji.

Ndawachonderera kuti akwere minibasi apite kuchipatala cha ku Namitete akayezedwe. Yankho lawo ndi limodzi: "Nanga inu ndikusiyani ndi yani?" Ana ali kutali, wina ku esiteti ku Kasungu, ena ku maukwati awo. Ndawakalipira, ndawanyengerera, ndanyanyalapo chakudya. Iwo amangondipukuta pakamwa n'kupitiriza ntchito. Ndikuopa, Bwana. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu ndakhala ndi mayi amenewa, sindinaopepo chonchi. Kalatayi sakuidziwa, ndipo akadzamva kuti ndaulula za kubafa kwa anthu a ku Lilongwe, sandilankhula sabata yathunthu. Ndalolera, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Pempho langa ndi laling'ono, loyenera munthu wamng'ono ngati ine. Galimoto yanu imadutsabe pa Nsaru, timaiona fumbi lake. Tsiku lina ikhotere kuno osaimba foni. Musatichitire ulemu, tingakunamizeninso. Mudzapeza Nambala 47 ali pamphasa, malaya ali pululu, akudikira kuti wina abwere kumjigo adzamutembenuze. Mudzalembe zimenezo, mufufute zija. Ngati magazi anga ananenadi kuti ndidzachira, mwina anali kunena za a Benedeta, poti mankhwala amene agwira ntchito pakhomo pano ndi iwowo. Mukatero, mutulutse kachikwama kakuda kaja, muphwanye lamulo lanu mphindi ziwiri zokha, muwayeze.

Ndamva kuti m'gawo lachiwiri mukufuna odwala atsopano zana limodzi, ndipo ndikukufunirani mafuno abwino kuti muwapeze. Ngati pempho langa lakulemerani, musavutike, ingosungani nambala imodzi, a Benedeta akubwera okha mwa dongosolo lanu. Ndipo ulendo umenewo ndikulonjeza kuti mudzalemba zoona zokhazokha. Mudzaimbe foni dzulo lake monga mwa nthawi zonse, mudzawapeza mmene alili, osasamba, osavala za Pasaka. Owamanga mabatani sadzakhalapo. Ndayeserera pa malaya anga sabata yonseyi, Bwana, ndi dzanja limodzi batani sililowa.

Ine wanu wochira pa pepala,

Damiano Chikoti
(Nambala 47)