Galu Amene Anadya Nsapato za Oimira Mfumu

Kwa Olemekezeka Oimira Mfumu
pa Chilumba Chodzilamulira cha Nunarsiaq.

Bwana wanga,

Ndine Jokum Ignatiussen wa ku Uppik, mlenje wa akatumbu a m'nyanja. Sukulu ndinaithawa chaka chimene ankatiloweza mayina a mitengo ya kwanu, chonsecho kuno kulibe mtengo ngakhale umodzi. Zotsalazo ndinadziphunzitsa ndekha, choncho mukapeza mawu okalipa m'kalata muno musati ndi mwano, pakamwa panga ndi pomwepo. Ndikulemba za Milak, galu wotsogolera anzake pokoka chileyi changa pa madzi oundana, amene ali m'khola la apolisi kudikira chipolopolo chifukwa anadya nsapato zanu.

Ndiyambe ndi kuthokoza. Makolo anga ankalamulidwa ndi atsamunda, ine ndine nzika ya dera lodzilamulira, ndipo kusiyana kwake ndimakumva m'mafupa. Kale zinyalala zathu zinkayendetsedwa kuchokera kutsidya kwa nyanja, lero tili ndi nduna yathuyathu ya zinyalala. Agalu, nsomba ndi nyimbo za ana asukulu, zonsezo munatisiyira. Inu munangotsala ndi tinthu tosachedwetsa: nyanja, mlengalenga, miyala ya pansi pa nthaka, asilikali ndi makhoti. Kupatsa kotereku Mulungu yekha ndiye angakubwezereni.

Tsono ndiloleni nditule nkhawa zanga pamapazi anu, poti tsopano ali poyera.

Choyamba. Mayi Bolethe anaitana mudzi wonse kukamwa khofi chifukwa mdzukulu wawo wayamba sukulu. Aliyense ankavula nsapato m'kachipinda ka pakhomo, n'kulowa kukadya keke ndi khungu la namgumi. Inu munafika ndi wojambula zithunzi, mutavala nsapato za chikopa cha katumbu zimene boma lathu linakupatsani, zosokerera chisoti chachifumu pamwamba. Wojambulayo anati zioneka bwino panja, pamasitepe, phiri lili kumbuyo. Mayi Bolethe anakudandaulirani kuti muzilowetse. Munamwetulira, n'kunena kuti miyambo yathu mukuidziwa kale, munaiwerenga m'ndege. Bwana, kwa galu wa kuno nsapato yachikopa ndi ndiwo. Milak akuyamwitsa, ndipo lamulo lathu lomwe la agalu limalola woyamwitsa kuyenda mosamangidwa. Anapeza chakudya chitapakulidwa pamasitepe, anadya. Anakusiyirani chidendene chimodzi. Ulemu umenewo uwerengedwe.

Chachiwiri. Wapolisi Enok, msuweni wanga, anabwera kudzamutenga akupepesa ngati wadzera maliro. Ndinaimbira ofesi ya boma lathu. Anati agalu ndi nkhani yathu ndithu, koma chisoti chachifumu ndi cha Ufumu. Ndinapita ku ofesi yanu. Anati chisoti ndi chawo ndithu, koma sangalowerere pa agalu, kuopa kupondereza ufulu wathu. Pamenepo ndinamenya tebulo, ndipo kapu ya mlembi wanu inagwa yokha. Kenako maboma awiriwa anakhala pansi, anthu ophunzira okhaokha, n'kugwirizana kuti galuyo ndi wa boma lathu, koma za m'mimba mwake ndi za Ufumu. Poti ziwirizi sizilekanitsika, akuti lamulo la wamkulu ndilo ligwire ntchito: kuwononga chizindikiro cha Mfumu. Galu sangalipe, sangapepese, ndiye aphedwe.

Koma bwana, zinalekanitsika. Enok analamulidwa kuyang'anira chilichonse chotuluka mwa womangidwayo, ndipo wagwira ntchitoyi mokhulupirika, ndi kamtengo. Chisoticho chinatuluka. Ndinachiona ndi maso angawa, sichinasinthe kwenikweni. Enok anachitsuka, chili m'botolo pa desiki yake. Katundu wa Ufumu wabwerera kwa Ufumu. Nanga wotsala m'kholamo ndi wa yani?

Chachitatu, ndipo apa ndiye pali mtima wanga. Nyanja yaundana, anzanga anyamuka kale. Ine ndili pakhomo kuonerera agalu akudya nsomba zouma zimene sanazigwirire ntchito. Milak amaima pamene madzi oundana apyapyala, ngakhale ndimukalipire bwanji, ndipo n'chifukwa chake ndikadali moyo wokulemberani kalata. Womutsatira, Pualu, ndi galu wamphamvu koma mutu mulibe, akhoza kunditsogolera m'madzi akugwedeza mchira. Popanda Milak sindipita, ndipo ndikapanda kupita m'nyumba mwanga mulibe nyama dzinja lonse. Nkhuku zozizira zimene sitima yanu imatibweretsera, zokwera mtengo ngati zinabwera zitakhala pampando, sizikhutitsa munthu kuno. Ana a Milak akulira pansi pa nyumba, mkazi wanga Karline akuwamwetsa mkaka wa m'chitini ndi chala. Ndiye amene anandipatsa cholembera, amvekere: "Lemba, nkhalamba iwe, koma ukatukwana nawenso akutsekera, ine ndiyamwitse nonse." Mukuona nokha mmene ndadzigwirira.

Chachinayi ndi chaching'ono. Tsiku lija simunabwerere ndi masokosi okha. Mayi Bolethe anakubwerekani majombo a malemu amuna awo. Mpaka lero sanabwere. Sitinakutumizireni Enok, sitinakhazikitse komiti yofufuza ngati mapazi anu ndi a Ufumu kapena ndi athu. Mayiwo akungoti mwina majombowo mukuwakonda.

Ndamva kuti chatsala ndi dzina lanu lokha pansi pa chigamulo. Chonde dzanja lanu lolemekezekalo lisatope ndi galu. Sindikupempha kuti Milak akhale mfulu, ndikudziwa kuti mawu amenewo amakuyambitsani chifuwa. Ndikungopempha mumuchitire zimene Ufumu umadziwa kuchita bwino. Mumubweze kwawo, mumumange pa unyolo wotalikirapo, mumuuze kuti tsopano akudzilamulira. Sakulumani. Adzakoka katundu mmawa uliwonse, ndipo mukamadutsa adzakugwedezerani mchira. Ife mwationa.

Ine wogwada mpaka maondo kuundana,

Jokum Ignatiussen,
mwini wa galu, kunja kwake kokha.