Zakhali, Sindipita

Lolemba

Mmawa. Nkhungu yakuta phiri lonse, chisanu chikulowa mpaka m'mano.

Loweruka azakhali abwera kuchokera ku Lilongwe kudzanditenga, ndikalere mdzukulu wawo. Amayi avomera kale pafoni. Ine sanandifunse, ndipo akanandifunsa ndikanangoyang'ana pansi. Koma sindikufuna kupita. Chaka chino abambo andipatsa kachigawo kangakanga kudimba. Ndawokera tomato ndi anyezi, tomato wayamba maluwa. Ndikachoka adzathirira ndani?

Ndiyenera kunena mawu awiri okha: "Zakhali, sindipita." Ine amene ndimayankha moni ndi mutu!

Esita, mnzanga wokwatiwa kufupi ndi Dzaleka, anali kuno dzulo. Amaphikira azimayi akamachita maphunziro kumeneko, ndiye anamvera pawindo njira yokhazikitsa mtima pansi. Akuti dzina lake hipinosisi. Umadzigonetsa wekha koma osagona, kenako umadziuza zimene ukufuna, mutu n'kumvera. Zofunika:

malo a zii
kutseka maso, dzanja pamimba, kupuma pang'onopang'ono
kuwerenga chobwerera kuyambira teni
kuganiza za malo amtendere
kunena mawu aja

"Ngakhale iwe ungathe," akutero Esita.

Lachiwiri

Malo a zii kulibe pakhomo pano. M'nyumba muli wailesi ya alamu anga, akazi a achimwene. Kuseri kuli nkhumba. Ndasankha chigafa, poti fodya anapita kale kumsika ndipo mwangotsala fungo.

Ndakhala pathumba, maso tseke. Malo amtendere ndi dimba langa. Teni, naini, eyiti. Ndikuona mizere, ndikuona madzi akulowa m'nthaka. Zikukoma ndithu. Pa sikisi m'maganizo muja mwalowa mbuzi, zinayi, ina yathyola kale mpanda. Ndadzambatuka, liwiro mpaka kudimba.

Kulibe mbuzi. Ndangothirira poti ndafika kale.

Lachitatu

Lero ndayamba ndamanga mpanda wa minga m'maganizo, kenako n'kuwerenga. Zathandiza. Mapewa atsika, miyendo yalemera ngati ndaponda nayo dothi la njerwa. Ndikukumbuka faifi. Folo sindikumukumbuka.

Ndadzidzimuka dzuwa litapendeka, alamu ataima pakhomo la chigafa, manja m'chiuno.

"Tulo masana, mtedza uli mbwee pamkeka osasenda? Mwayamba liti zimenezi, alamu?"

Akuyang'ana nkhope yanga, kenako dzanja langa. Likadali pamimba. Ndalichotsa msanga. Iwo angoti "Hmm," n'kumapita.

Mawu aja sindinawafike.

Lachinayi

Tsiku labwino!

Esita ananena kuti pali mayeso: uganize kuti ukuluma ndimu losapsa. Malovu akadzaza m'kamwa ndiye kuti mutu wako ndi womvera. Ndayesa. Adzaza! Ndatuluka kukalavula. Ndayesanso, adzazanso, ndalavulanso. Mutu wanga ndi womvera kwabasi. Kenako mtima wafuna mandimu enieni, ndathyola mumtengo wa kuseri, ndadya ndi mchere nditakhala pakhonde. Alamu amasesa pomwepo, malo amodzimodzi, nthawi yaitali.

Masana ndabwerera m'chigafa. Ndafika pa wani ndili maso. Ndayang'ana nsanamira ngati ndi azakhali, ndanena: "Zakhali, sindipita." Mawu atuluka! Aang'ono, koma atuluka. Nsanamira sinatsutse.

Madzulo amayi ndi alamu akunong'onezana pamtondo, ndikafika akuleka. Ndanyamula ndowa kuti ndipite kumjigo, amayi andilanda. "Tenga kachigubu." Mwina akundisungira mphamvu za ku Lilongwe.

Lachisanu

Zodabwitsa za kumjigo:

andipatsa malo kutsogolo, chikhalirecho ndafika pomalizira
wina wandipopera madzi
mayi wina akuti, "Koma ndiye wayeratu masiku ano, khungu see!" onse n'kuseka

Ndimaganiza kuti ndi hipinosisi yayamba kuonekera kunja.

Pobwerera alamu andidikira panjira, andigwira pamkono mwachikondi chimene sindinachionepo. "Alamu, tilipo akazi okhaokha pano. Tulo, malovu, mandimu. Ifenso tinadutsamo. Miyezi ingati?"

Mayo ine!

 Ndimafuna kunena kuti ayi, koma ayi sindinamuyeserere. Ndayang'ana pansi. Iwo akuti, "Basi, ndamva."

Ndathawira m'chigafa. Tsopano nkhani zoti ndinene zilipo ziwiri: ya azakhali ija, ndi yakuti "Ndilibe mimba." Esita anachenjeza kuti mutu sulandira nkhani ziwiri nthawi imodzi, umasokonezeka. Ndayesabe mawu atsopanowa. Teni, naini. Sizikutheka. Ndikatseka maso ndikungoona amayi a kumjigo ataima m'mizere ya tomato. Dzanja ndaliika paphewa m'malo mwa pamimba, mpweya sukumveka bwino.

Foni ya Esita siikupezeka.

Loweruka

Galimoto yafika dzuwa lisanafike pamutu. Azakhali atsika ndi buledi, shuga ndi nsapato zakale za mwana wawo zoti ndivale paulendo. Amayi awakokera kuseri asanakhale n'komwe pansi.

Kenako ndaitanidwa m'nyumba. Chitseko atseka. Pamkeka pali amayi, azakhali, ndi alangizi awiri a kutchalitchi, ovala zitenje zofanana. Alamu ali panja pafupi ndi windo, akuti akupeta.

Mlangizi wamkulu wayamba ndi pemphero, kenako: "Mwanawe, usaope. Tingofuna dzina. Mwini wake ndani?"

 Palibe china chimene ndikudziwa, ndiye ndatseka maso. Dzanja lapita lokha pamimba. Ndamva amayi akuti "Onani!" koma ndapitiriza. Teni, naini, eyiti. Ndipo lero, lero lomwe, zagwira bwino kuposa masiku onse. Mapewa atsika. Mawu awo akumveka kutali ngati a anthu a kutsidya kwa dambo. Dimba lili phee, mbuzi kulibe, amayi a kumjigo kulibe. Chibadwire sindinakhalepo ndi mtendere wotere pakati pa akuluakulu.

Wani. Ndatsegula maso, ndatsegula pakamwa. Mutu womvera uja watulutsa zimene unaphunzira, mokweza mpaka nkhuku panja zadzidzimuka:

"Zakhali, sindipita!"



Mlangizi wamng'ono: "Mwamva? Akukana kusiyana naye mwamunayo."

Azakhali: "Akukutenga ndani iwe ndi katundu wakoyo? Ndizilera ana awiri ine?"

Amayi ayamba kulira. Mtendere uja wathera pomwepo, ndipo mawu ena aja sanabwere. Nsapato azakhali abwerera nazo. Shuga asiya.

Lamulungu

Kwacha bwino, kopanda nkhungu.

Ku Misa aliyense akupereka moni kwa mimba yanga, nkhope akuiona pambuyo. Alamu akuti mayina atatu atchulidwa kale m'mudzi. Awiri sindikuwadziwa. Wachitatu ndi wa kabaza wa ku Malomo amene anandinyamulapo kamodzi chaka chatha, ndipo akuti kuyambira dzulo sakudutsanso njira ya kuno. Abambo sakundilankhula, angouza amayi kuti andiuze ndichotse thumba langa m'chigafa.

Mawa amayi andiperekeza kuchipatala kuti akandiyeze. Azakhali aimba foni, mtima wawo watsikako: "Akakapezeka kuti alibe, mundiuze, galimoto ibweranso Loweruka." Ndipo ndikapezekadi kuti ndilibe. Alamu afunsa kale kuti tomato amafuna madzi kangati pa sabata.

Esita wapezeka. Ndamufotokozera zonse. Waseka mpaka kutsokomola, kenako akuti, "Koma wanenatu, eti?"

Ndanena, inde. Mawu awiri aja, onse, mokweza, pamaso pa anthu anayi ndi wachisanu wa pawindo. Palibe amene akuwerengera kuti ndinanena.

Ndikupita kukathirira dzuwa lisanalowe.

Ndalekeza kulemba Lamulungu, 4 koloko madzulo.